Kodi mowa ukadali m'manja mwanu? Mmene mungadziyesere nokha kuno ku Joni

Funso limeneli ndinalimva likufunsidwa mochokera pansi pa mtima usiku wina ku Rosettenville, m'chipinda chimene tinkachita lendi anthu atatu. Mnzathu wina, bambo wa ana awiri wa ku Mulanje, anali atangomaliza kulankhula ndi akazi ake pa WhatsApp. Nkhani inali ya fizi ya mwana wa Fomu 2, ndipo poti chipinda chinali chimodzi, mawu omaliza a mayiwo tinawamva tonse: "Bambo, ngati mwakwatira botolo kumeneko, ingondiuzani ndidziwe." Bamboyo anaika foni pamatiresi n'kukhala duu. Patapita kanthawi anatembenukira kwa ine. "Achimwene, inu mukandiona, ndine chidakwa ine? Ntchito sindinajombepo. Mumsewu sindinagonemo."

Sankanama ayi. Ankadzuka kusanache kukakwera teksi, kugadeni ya abwana ake ku Bryanston ankafika pa nthawi yake. Chimatisocheretsa ife Amalawi ndi chithunzi cha chidakwa chimene tinakula nacho: bambo uja wa kumudzi wopezeka pakachasu dzuwa lisanatuluke, milomo psuu, mapazi otupa, ana akumulondola pambuyo akamadzandira. Ndiye aliyense amene wavala malaya ochapa komanso ali pantchito amadziona kuti ali kutali ndi zimenezo. Komatu bambo wa pakachasu uja malire anawadumpha zaka zambiri m'mbuyomo, akadali wooneka bwino ngati inu ndi ine. Malirewo ali pa funso ili: mukanena kuti lero ndimwa awiri basi, mawu omaliza amakhala a ndani, anu kapena a mowa? Yankho lake silipezeka pongoganiza. Limafuna kuyesa, ndi kabuku ndi cholembera. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene tinatsata ndi mnzathu uja, ndipo ndaikamo ndi miyeso imene achipatala amagwiritsa ntchito.

Choyamba: yang'anani manja anu m'mawa

Ichi chitani musanayese china chilichonse, chifukwa pali moyo pamenepa. Tsiku limene mwadzuka mutamwa dzulo lake, musanalawe kanthu, tambasulani manja kutsogolo, zala zitalikirane, muwerenge mpaka 20. Ngati zala zikunjenjemera, thukuta lili kamukamu pamene kunja kukuzizira ngati mu June, mseru uli pakhosi, mtima ukuthamanga, ndipo zonsezi zimazilala mukangomwa botolo limodzi, amenewo si matsire wamba. Thupi lanu lafika podalira mowa.

Chimachitika n'chakuti mowa umafooketsa ubongo, ndiye ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umazolowera kukankha mwamphamvu kuti ulimbane nawo, monga munthu wokankha chitseko chimene wina wachigwira mbali inayo. Wogwirayo akachoka mwadzidzidzi, wokankha uja amagwa chamutu. Kunjenjemera kumayamba pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ngati akhunyu. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi ena amasokonezeka mutu, kuona tizilombo tikuyenda pakhoma, osamuzindikira ngakhale mnzawo wogona naye chipinda chimodzi. Madokotala amatcha zimenezi delirium tremens, ndipo popanda chithandizo zimapha. Ife timathamangira kunena kuti amulodza akumudzi chifukwa cha nsanje, n'kutaya maola ofunika tikufunafuna sing'anga.

Choncho ngati manja akunjenjemera, kapena ngati munakomokapo m'mbuyomu mutasiya mowa, musasiye lero lomwe panokha m'chipinda. Pitani kukiliniki mukanene zoona zake: mumamwa chiyani, mochuluka bwanji, munamwa liti komaliza. Ali ndi mankhwala monga diazepam amene amapereka kwa masiku ochepa kuti thupi litsike bwinobwino, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Munthu akagwa kapena akayamba kubwebweta, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177. Musaope za mapepala: gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa limanena kuti palibe munthu woyenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi.

Ngati manja ali phee, pitirirani.

Chachiwiri: lembani kwa masabata anayi

Musasinthe kamwedwe kanu pakadali pano. Imwani monga mwa masiku onse, koma muzilemba, ndipo masabata anayiwo aphatikizepo mapeto a mwezi, poti ndi pamene zambiri zimaonekera. Gulani kabuku kakang'ono ku spaza, kagolosale ka m'dera lanu. Tsiku lililonse lembani zinthu zinayi: mwamwa chiyani, zingati, mwawononga ndalama zingati, ndipo chinakutumani n'chiyani.

Kukumbukira kwa munthu amene wamwa mabotolo atatu n'kosadalirika, ndiye mnzathu uja tinamupangira njira. Botolo lililonse akatsegula, chitsekerero chake ankachiponya m'thumba la jekete, kaya wagula yekha kaya amugulira. M'mawa ankakhuthula thumbalo pabedi n'kuwerenga. Sabata yoyamba, Lolemba m'mawa, ndinamupeza ataimirira pafupi ndi bedi atavala nsapato imodzi, akubwereza kuwerenga kachiwiri. Iye ankadziwa kuti dzulo lake anamwa anayi. Zitsekerero zinali zisanu ndi ziwiri.

Tsopano apa pali msampha umene umatikola ife obwera. Kumudzi tinazolowera botolo la Green la 330ml. Kuno chimene chimayenda patebulo ndi ngudu ya 750ml, yoposa mabotolo awiri akumudzi. Munthu amati "ndamwa atatu okha" pamene kumudzi akanati asanu ndi awiri. N'chifukwa chake kuwerenga mabotolo pakokha sikukwanira. Muyenera kudziwa mowa weniweni umene uli m'katimo, ndipo masamu ake ndi osavuta: tengani kukula kwa botolo, chulukitsani ndi peresenti yolembedwa pachikalata chake, gawani ndi 100.

Ngudu ya Black Label, imene anzathu kuno amati Zamalek, ndi ya 5.5 peresenti: 750 kuchulukitsa ndi 5.5, kugawa ndi 100, mupeza 41ml za mowa weniweni. Ya Castle Lager ndi ya 5 peresenti, ndiye ndi pafupifupi 38ml. Savanna Dry ya 330ml, imene alongo athu ambiri amaiona ngati chakumwa chozizilitsa kukhosi chifukwa chotsekemera, ndi ya 6 peresenti, moti ziwiri zikufanana ndi ngudu yathunthu. Brandy wa 43 peresenti ndiye woopsa powerenga, poti amaoneka wochepa m'maso. Nip ya 200ml ili ndi 86ml, zomwe ndi ngudu ziwiri. Half-jack ya 375ml ndi ngudu zinayi. Botolo la 750ml limene mumagawana anthu awiri Loweruka masana ndi ngudu pafupifupi zisanu ndi zitatu. Mowa wofulula m'nyumba kapena wogula m'zigubu zopanda chikalata sungawerengeke n'komwe, ndipo chimenecho pachokha n'chifukwa chokwanira choupewera.

Chachitatu: yerekezani ndi miyeso

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamwa mopyola muyeso pa nthawi imodzi akafika magalamu 60 a mowa weniweni, omwe ndi pafupifupi 76ml. Ngudu ziwiri za Black Label ndi 82ml. Ziwiri zokha, zimene ambiri a ife timati n'kutsuka kukhosi. Akuluakulu a zaumoyo ku Britain m'chaka cha 2016 analangiza kuti amuna ndi akazi omwe asapyole 140ml pa sabata, ndipo azimwaze pa masiku atatu kapena kuposerapo. M'chiyankhulo cha patebulo lathu, ndi ngudu zitatu ndi theka sabata yonse. Komanso amenewa si malire a chitetezo chenicheni. Mu January 2023 WHO inanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene ulibe chiopsezo pa thanzi, makamaka pa nkhani ya khansa. Kwa amayi mowa womwewo umakwera kwambiri m'magazi kusiyana ndi abambo, chifukwa matupi awo amakhala ndi madzi ochepa ousungunula.

Mnzathu uja ankati amamwa pa weekend pokha. Kabuku kanaonetsa Lachisanu, Loweruka, Lamulungu, komanso Lachitatu kukakhala mpira. Pa sabata zinkakwana ngudu 15. Tiyerekeze kuti ngudu ndi R25: imeneyo ndi R375 pa sabata, R1,500 pa mwezi, osawerengera nyama yootcha, fodya, ndi teksi ya usiku. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Atatenga foni n'kusintha ndalamazo kukhala makwacha, sanayankhule kanthu. Fizi ija inalimo, n'kutsalako ya feteleza.

Komabe manambala amenewa akungokuuzani kuti thupi ndi thumba zili pachiopsezo. Alipo anthu amene amamwa mopyola muyeso chifukwa chongotengeka ndi gulu, ndipo akaona manambala amachepetsa mosavuta. Alipo ena amene amafuna kuchepetsa koma zimakanika. Gawo lotsatirali ndi limene limasiyanitsa awiriwa.

Chachinayi: dzipatseni mawu, muone ngati muwasunge

Musananyamuke kunyumba, mutu uli bwinobwino, lembani m'kabuku zinthu ziwiri: ndimwa zingati, ndipo ndinyamuka nthawi yanji. Mwachitsanzo, ngudu imodzi, 8 koloko ndili panjira. Musadziikire muyeso woti mukudziwiratu kuti ndi waukulu pofuna kupambana, chifukwa mukhala mukudzinamiza nokha. Mawa lake lembani pambali pake chimene chachitika. Chitani zimenezi maulendo asanu ndi atatu otsatizana amene mwapita kukamwa.

Mdani woyamba ndi raundi. Mukakhala asanu ndi mmodzi patebulo, aliyense n'kuponya yake, mwamwa zisanu ndi chimodzi musanasankhe kanthu, ndipo kunyamuka yanu isanakwane kumaoneka ngati kuba. Nenani pofika pomwe, musanakhale pansi: "Amwene, lero ine sindilowa raundi, ndigula yanga." Adzakusekani, adzati akazi anu akulamulirani kuchokera ku Malawi. Zisiyeni zipite. Onani amene wakwiya zenizeni, poti kawirikawiri ndi amene naye funsoli likumuvutitsa mumtima.

Mdani wachiwiri ali m'mutu mwanu momwe, ndipo ndi amene ndikufuna mumumvetsere bwino. Botolo lija likatsala pang'ono kutha, tcherani khutu ku zimene mtima ukunena. Munthu amene mowa uli m'manja mwake amamva kachisoni pang'ono kuti macheza akukoma, n'kunyamuka. Amatha kusiya theka la botolo patebulo teksi ikafika, osaliganiziranso. Kwa amene malire wawadumpha, pamayamba mlandu wathunthu m'mutu: lero ndi tsiku lapadera, Chiefs yawina, Pirates yaluza, mnzathu akukwera basi mawa ku Park Station, abwana andilalatira, kwazizira, ndiyamba bwino sabata yamawa. Chifukwa chilichonse chimamveka chanzeru pa nthawiyo. Zilembeni zifukwazi m'kabuku monga zinabwerera. Pakutha pa mwezi mukaziwerenga motsatizana mudzaona kuti tsiku wamba silinapezeke ngakhale limodzi.

Kulephera kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu kumachitika. Kulephera katatu, kanayi, kasanu, pamene munalemba nokha ndi dzanja lanu, ndiwo malire amene tikunena aja. Ndipo ngati mwapezeka kuti mwasiya kulemba dala, kapena mukumwa kaye nip panjira kuti patebulo muoneke ngati mwasunga mawu, yankho mwalipeza kale.

Chachisanu: mafunso a achipatala

Dokotala wina wa ku America, John Ewing, anafalitsa m'chaka cha 1984 mafunso anayi amene mpaka lero amafunsidwa m'zipatala, odziwika ndi dzina loti CAGE. Kodi munamvapo mumtima kuti muyenera kuchepetsa mowa? Kodi munapsapo mtima anthu akudzudzula kamwedwe kanu? Kodi munadziimbapo mlandu chifukwa cha mowa? Kodi munamwapo m'mawa mutangodzuka kuti muchotse matsire kapena kuti thupi likhazikike? Mukayankha inde pa awiri, nkhaniyi ndi yofunika kukaonana ndi achipatala.

Buku limene madokotala a matenda a maganizo amagwiritsa ntchito, DSM-5 la m'chaka cha 2013, lili ndi zizindikiro 11 zoyang'ana pa miyezi 12 yapitayi. Zina mwakumana nazo kale pamwambapa: kumwa kuposa mmene munafunira, kuyesa kuchepetsa n'kulephera, kunjenjemera mukasiya. Zina ndi chilakolako champhamvu cha mowa, kutha nthawi yambiri mukumwa kapena mukuchira matsire, kulephera udindo wa pakhomo kapena pantchito, kusiya zinthu zimene munkazikonda monga mpira wa Lamulungu kapena kwaya, kumwa pamalo oika moyo pachiswe, ndi kupitirizabe pamene mukuona kuti banja kapena thanzi likuwonongeka. Zizindikiro ziwiri kapena zitatu ndi vuto loyamba kumene, zinayi kapena zisanu ndi lapakati, zisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo ndi lalikulu. Onani kuti palibe pamene akufunsa ngati munagonapo mungalande.

Chizindikiro chimodzi ndikufuna ndichitchule pachokha, chifukwa ife timachiyamikira m'malo mochiopa. Timati uje ali ndi mutu wolimba, amamaliza kireti koma akuyenda mowongoka. Kufuna mowa wambiri kuti mumve zimene kale munkamva ndi botolo limodzi kuli m'gulu la zizindikiro 11 zija. Ubongo wazolowera, koma chiwindi, kapamba ndi mtima zikulandira mowa wonsewo mokwanira. Chimodzimodzi kudzuka osakumbukira kuti munafika bwanji kunyumba. Timaseka nazo m'mawa, komatu mumzinda ngati uno, munthu woyenda usiku ku Hillbrow kapena ku Yeoville mutu utazima ali m'manja mwa aliyense wokumana naye.

Chachisanu ndi chimodzi: funsani wokuonani

Sankhani munthu mmodzi amene samwa nanu: akazi anu kapena amuna anu, wogona naye chipinda, mlamu, mkulu wa mpingo. Mufunseni m'mawa, muli bwinobwino: "Mukaona kamwedwe kanga, chimakudetsani nkhawa n'chiyani?" Mukatero tsekani pakamwa. Osadziteteza, osamukumbutsa zolakwa zake. Ngati ali kumudzi, mufunseni kuti mawu anu amamveka bwanji mukaimba Loweruka usiku, ndiponso ndi kangati munalonjeza kutumiza ndalama tsiku lakuti n'kusintha.

Gawo ili ndi lofunika kwambiri kwa ife a kuno chifukwa maso amene ankatiteteza tinawasiya kumudzi. Kumeneko ukapyola muyeso amalume amakuitanira paseri, ankhoswe amabwera, apongozi amamva. Kuno ukhoza kumwa zaka zitatu popanda wokufunsa, bola lendi ukulipira. Bwererani ku kabuku kaja muone mzere wa chimene chinakutumani. Ngati mawu obwerezabwereza ndi kusowa tulo, kusungulumwa, nkhawa ya mapepala, kulakalaka ana, kapena Lamulungu lopanda kopita, ndiye kuti mowa wasanduka mankhwala anu, ndipo kamwedwe kotere kamakula msanga kuposa ka pachisangalalo. Abale athu a Chisilamu ndi a mipingo yoletsa mowa ali ndi mtolo wina pamwamba pake, poti amamwa mobisa, ndiye sipakhala ngakhale woona kuti zafika pati. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, manyazi asakutsekereni m'chipinda. Pezani munthu mmodzi yekha womuuza.

Chachisanu ndi chiwiri: masiku 30 osalawa

Ichi n'cha okhawo amene manja awo anali phee pa gawo loyamba. Amene tinali kuno m'chaka cha 2020 tinayesedwapo kale osafuna: kuyambira pa 27 March mpaka kumapeto kwa May boma linatseka malonda a mowa chifukwa cha Covid-19. Kumbukirani zimene munachita. Kodi munangokhala n'kuiwala? Kapena munkagula kuseri pa mtengo wowirikiza, n'kumafulula wa zinanazi mundowa pansi pa bedi?

Sankhani tsiku, uzani munthu uja munamufunsa, ndipo konzeranitu chochita Lachisanu madzulo ndi Lamulungu masana, chifukwa ndi pamene mpata umaluma. Masiku oyamba tulo tikhoza kuvuta, kenako timabwera tabwino kuposa kale. Muziyang'ana ngati mukuwerenga masiku ngati wandende. Koma mayeso enieni ali pa tsiku la 31. Anthu ambiri a vuto lalikulu amatha kupirira mwezi wathunthu mano ali gwa, n'kumati mwaona, ine ndikhoza kusiya nthawi ina iliyonse. Akangolawa botolo loyamba, pakutha pa sabata abwerera pamene anasiyira. Choncho mukayambiranso, bwerezani gawo lachinayi lija.

Amene malire awo ali pa ziro

Pali anthu amene masamu onsewa sakuwakhudza. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati asalawe n'komwe, poti mowa umadutsa kupita kwa mwana n'kuwononga ubongo wake kwa moyo wonse, ndipo South Africa ili m'gulu la mayiko amene vutoli ndi lalikulu kwambiri padziko lonse. Amene ali pa mankhwala a TB asiye, chifukwa mankhwalawo amalemetsa kale chiwindi. Amene akumwa Flagyl adikire amalize, padutsenso masiku awiri kapena atatu. Amene ali pa ma ARV ndipo amadumphitsa mapiritsi akaledzera, vuto lafika kale. Amene dzanja lake limatuluka akamwa, kumenya mkazi kapena mwana ngakhale kamodzi, alibenso muyeso woti n'kukambirana. Mayi amene akukumana ndi zotere aimbe 0800 428 428, nambala yaulere ya boma yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Oyendetsa galimoto, lamulo la pamsewu la 1996 linaika malire a magalamu 0.05 pa 100ml za magazi, ndipo kwa oyendetsa ngati ntchito, okhala ndi chiphaso cha PrDP, ndi 0.02. Ngudu imodzi ikhoza kukudumphitsani. Chiwindi chimachotsa pafupifupi 10ml za mowa weniweni pa ola, ndiye ngudu imodzi imafuna maola ngati anayi. Mukayamba 6 koloko madzulo n'kumwa zisanu ndi imodzi, pofika 6 koloko m'mawa pafupifupi theka likadali m'thupi. Khofi, kusamba madzi ozizira kapena mageu sizifulumizitsa kanthu. Apolisi a mzinda wa Johannesburg, a JMPD, akakuimitsani m'mawa umenewo, mlandu wake udzakutsatirani mpaka pokonzanso mapepala.

Chomaliza: chitani mogwirizana ndi zimene mwapeza

Ngati mawu anu munawasunga, mafunso aja sanakugwireni, koma manambala ndi okwera, chepetsani ndipo dziikireni mpanda. Tsiku lamalipiro tumizani ndalama kumudzi ndi kulipira lendi masana, musanadutse pa tavern. Nyamulani ndalama ya muyeso wanu yokha, khadi isiyeni kunyumba. Idyani nsima musanamwe, imwani madzi pakati pa botolo ndi botolo, gulani mabotolo aang'ono m'malo mwa ngudu, ndipo pa sabata pakhale masiku angapo osalawa. Musamwe pangongole, ndipo tsiku limene mudzapite kwa mashonisa, wobwereketsa ndalama za katapira, chifukwa cha mowa, dziwani kuti katapira ameneyo ndi chizindikiro kale. Pakatha miyezi itatu, tengani kabuku muwerengenso.

Ngati mawu anu anakanika kusungika, musataye chaka china mukuyesa njira zatsopano zochepetsera, monga kusiya brandy n'kumamwa wa mabotolo okha, kapena kumwera kunyumba kokha. Kwa ambiri amene afika apa, kusiyiratu kumakhala kopepuka kuposa kulimbana ndi botolo lachiwiri tsiku lililonse. Izi si kufooka kwa khalidwe kapena kuchepa kwa pemphero. Ndi matenda odziwika, ndipo ali ndi chithandizo. Yambirani kukiliniki yapafupi, mutenge kabuku kaja mukaonetse namwino, mupemphe akuyezeni chiwindi ndi BP. Alipo mankhwala monga naltrexone ochepetsa chilakolako amene dokotala angakulembereni. Bungwe la SANCA, limene linayamba m'chaka cha 1956, lili ndi malo operekera uphungu muno mu Gauteng. Nambala ya 0800 12 13 14 ndi yaulere usana ndi usiku pa nkhani za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Gulu la Alcoholics Anonymous limakumana m'madera ambiri a Johannesburg, nambala yawo ndi 0861 435 722. Kulowa n'kwaulere, safunsa pasipoti, ndipo dzina loyamba lokha ndi lokwanira. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chimakuvutani, pitani ndi mnzanu, ndipo tsiku loyamba mukhoza kungokhala n'kumvetsera. Mabanja a omwa ali ndi gulu lawo, Al-Anon.

Mnzathu wa ku Mulanje uja pa maulendo asanu ndi atatu anasunga mawu kawiri kokha. Usiku umene anawerenga zimenezi anandipempha ndimuperekeze kukiliniki, ndipo sabata yotsatira ndinamuperekezanso ku msonkhano wake woyamba, m'kaholo ka tchalitchi china, komwe anakhala mpando wakumbuyo chipewa chili m'manja. Anatha miyezi isanu osalawa. Mu December, anzathu atakwera mabasi opita kumudzi iye n'kutsala yekha m'chipinda, anabwerera ku mowa, ndipo anamwa masiku anayi otsatizana. Ndikunena zimenezi kuti zikadzakuchitikirani musadzati zonse zapita m'madzi. Pa 2 January anaimbira foni munthu amene ankamuthandiza ku gulu lija, n'kubwerera pampando wake wakumbuyo. Zitsekerero za mwezi woyamba uja anazisunga m'chitini cha majarini pansi pa bedi. Masiku ano malipiro akalowa amatumiza ndalama pa Mukuru nthawi ya nkhomaliro, ataimirira pageti la abwana ake, ndipo akazi ake amamubwezera chithunzi cha lisiti ya kusukulu.